Mafunso Anu: Ntchito yofufuza chibadwa cha mtima ndi kagundidwe kake

M'kope lino tasonkhanitsa makalata ochokera mu mzinda wa Zomba ndi madera ozungulira, onse okhudza mtima ndi anthu amene amaufufuza. Akuyankha ndi a gulu lathu la za sayansi ndi umoyo. Makalata ena tawafupikitsa, ndipo mayina tawasunga.

FUNSO: Ndili mu Fomu 4. Mng'ono wanga anabadwa ndi mtima wobooka. Ndamva kuti kuli anthu amene ntchito yawo ndi kufufuza chimene chimachititsa zimenezi. Amatani kwenikweni, nanga ndiphunzire chiyani kuti ndidzakhale mmodzi wa iwo? Mtsikana wa ku Chinamwali.

YANKHO: Aliko, mwanawe, ndipo funso limene amalimbana nalo ndi lako lomweli. Mtima ndi chiwalo choyamba kugwira ntchito m'thupi la mwana wosabadwa. Umayamba kugunda cha pa tsiku la 22 mimba itakhala, amayi ambiri asanadziwe n'komwe kuti ndi oyembekezera. Poyamba umakhala kachubu kowongoka. Kachubuko kamapindikira kumanja, kenako m'kati mwake mumamera makoma ogawa zipinda zinayi, ziwiri zam'mwamba ndi ziwiri zam'munsi. Pofika sabata ya 8 ntchito yaikulu imakhala yatha. Pamene khoma silinakumane bwino m'pamene pamatsala bowo. Pa ana 100 aliwonse obadwa, pafupifupi mmodzi amakhala ndi vuto la kapangidwe ka mtima, ngakhale mabowo ang'onoang'ono ambiri amatsekeka okha mwana akamakula.

Amene amauza maselo kuti pindani apa, tsekani apo, ndi ma gene, malangizo olembedwa mu DNA. Ofufuza anapeza kuti ntchentche ya pazipatso ikaonongedwa gene inayake imakula yopanda mtima. Gene yofanana nayo mwa munthu ndi NKX2-5, ndipo mu 1998 zinadziwika kuti m'mabanja amene gene imeneyi yasintha mumabadwa ana obooka khoma la zipinda zam'mwamba, amenenso akamakula uthenga wa magetsi umachedwa kutsika mumtima mwawo. Ina ndi TBX5: ikalakwika, mwana amabadwa ndi vuto la mtima pamodzi ndi chala chachikulu kapena mkono wosapangika bwino. Apa waona kuti gene imodzimodzi imamanga makoma n'kuyalanso njira za magetsi, n'chifukwa chake ofufuza kapangidwe ka mtima ndi ofufuza kagundidwe kake nthawi zambiri amakhala m'labotale imodzi.

Si zonse zochokera kumtundu. Matenda a shuga osasamalidwa mwa mayi, rubella, mowa ndi mankhwala ena monga sodium valproate zimasokonezanso masabata oyambawo. Mwa ana a Down syndrome, pafupifupi theka amabadwa ndi vuto la mtima. Koma pa ana oposa theka chifukwa chake sichipezeka ngakhale atayezedwa ndi zipangizo zamakono, ndiye ntchito ikadali yambiri.

Pa MSCE limbikira Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi. Masamu usawataye poganiza kuti za thupi sizifuna manambala. Amene amavutika kutsogoloku ndi amene anawathawa. Ukafunsira malo kudzera ku NCHE, njira zilipo zingapo: digiri ya sayansi ya zaka zinayi ku University of Malawi konkuno ku Chirunga, udokotala kapena zoyeza m'labotale ku KUHeS ku Blantyre, kapena maphunziro a sayansi ya zamoyo ku MUST ku Thyolo ndi ku Mzuzu University. Pambuyo pake pamabwera masitazi ya chaka chimodzi kapena ziwiri, kenako PhD ya zaka zitatu kapena zinayi. Udokotala si khomo lokhalo. Ambiri amene amatulukira ma gene sanagwirepo wodwala.

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 14 wakomoka kawiri, koyamba akusambira mu Likangala, kachiwiri akuthamanga pampira. Anthu akuti ndi khunyu, ena akuti n'zaanthu. Mlongo wanga anamwalira mwadzidzidzi ali mnyamata, sanadwale. Kodi pali kugwirizana? Mayi wa ku Matawale.

YANKHO: Mayi, choyamba pitani naye ku chipatala sabata ino, ku Zomba Central kapena kumene angakutumizeni, mukapemphe kuti amujambule ECG, pepala loonetsa magetsi a mtima, ndipo za alongo anuwo mukazinene musanafunsidwe. Mpaka atamuona dokotala, asasambire ndiponso asachite masewera othamanga. Sitingadziwe matenda ake kudzera m'kalata, koma kukomoka pakati pa kuthamanga kapena m'madzi, m'banja momwe munafa wachinyamata mosadziwika bwino, kumafuna kuti mtima uyezedwe munthu asanatchedwe wakhunyu. Mtima ukasiya kupopa kwa masekondi ochepa ubongo umasowa magazi ndipo munthu amatha kuphupha ngati wakhunyu ndithu.

Kugunda kulikonse kumayamba ndi kamphamvu ka magetsi kochokera pamwamba pa chipinda chakumanja. Selo lililonse la mtima lili ndi timakomo pakhungu lake: sodiyamu amalowa, kashiamu amalowa, selo limafinyika, kenako potaziyamu amatuluka kuti selo likonzekere kugunda kotsatira. Kakhomo kalikonse kamapangidwa motsatira gene yake. Potaziyamu akamachedwa kutuluka, mtima umachedwa kukonzeka, ndipo kugunda kwina kukagwera m'nthawi imeneyo zipinda zam'munsi zimayamba kuthamanga mosalongosoka. Amenewa ndi matenda a long QT (QT ndi nthawi yooneka pa ECG imene mtima umatenga kufinyika n'kukonzekanso), amene amapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 2,000. Ma gene atatu amene amachititsa ambiri a iwo anapezeka mu 1995 ndi 1996, ndipo iliyonse ili ndi khalidwe lake. Ya KCNQ1 imagwetsa munthu pothamanga, makamaka posambira. Ya KCNH2 imadzuka ndi phokoso lodzidzimutsa, monga foni kulira munthu ali mtulo, komanso mwa mayi amene wangobereka. Ya SCN5A imapha munthu ali phee kapena akugona.

Kholo likakhala ndi gene yosinthayo, mwana aliyense, wamwamuna kaya wamkazi, ali ndi mwayi wa theka woitengera. Choncho mwana wanu akapezeka nawo, inu, bambo ake ndi abale ake onse muyenera kujambulidwa. ECG imodzi yooneka bwino siitsimikiza kuti munthu alibe, chifukwa ena amene ali ndi gene imeneyi QT yawo imaoneka yabwinobwino akakhala phee. Chithandizo chilipo ndipo si chodula: mankhwala a gulu la beta blocker monga propranolol, omwedwa tsiku lililonse osadumphitsa. Wodwala amayeneranso kuuza aliyense womupatsa mankhwala, pakuti kwinini, erythromycin, haloperidol ndi mankhwala ena a TB yosamva mankhwala amatalikitsa QT. Kutsegula m'mimba ndi kusanza nakonso n'koopsa chifukwa kumatsitsa potaziyamu m'magazi.

Kwa owerenga amene akufuna ntchito yofufuza, kalata ya mayiwa ikuonetsa pamene kafukufuku weniweni amayambira. Amayamba ndi pepala ndi pensulo, kujambula banja mibadwo itatu: bokosi kwa mwamuna, kozungulira kwa mkazi, ndani anakomokapo, ndani anamira m'madzi chonsecho ankadziwa kusambira, ndani anagona osadzuka, ali ndi zaka zingati. Kwathu kuno imfa zotere sizikambidwa mwachisawawa, ndipo mbali ya kuchimuna imaiwalika msanga m'mabanja a chikamwini. Wofufuza wodziwa kukhala pansi ndi agogo ndi amalume n'kufunsa mwaulemu amabwera ndi chinthu chimene makina sangapereke. Ku South Africa ndi njira yomweyi imene inavumbula mabanja ambiri a long QT ochokera kwa kholo limodzi lakale, ndipo mu 2017 gulu la Pulofesa Bongani Mayosi ku University of Cape Town linapeza gene ya CDH2, ya matenda ena a mtima, potsata banja limodzi limene achinyamata ake ankafa mwadzidzidzi.

FUNSO: Ndinamaliza digiri ya Biology, ndili pakhomo. Ndimafuna kulowa m'kafukufuku wa chibadwa koma ndimaona ngati popanda labotale yapamwamba palibe chimene ndingachite. Ndiyambire pati? Mnyamata wa ku Chikanda.

YANKHO: Achimwene, ntchitoyi ili ndi mbali zitatu, ndipo imodzi yokha ndi imene kuno ndi yosowa.

Yosowayo ndi yoyesa gene pa zamoyo. Ofufuza amagwiritsa ntchito kansomba kotchedwa zebrafish chifukwa ana ake ndi oonekera m'kati ndipo mtima wake umayamba kugunda patangotha tsiku limodzi. Amaononga gene imodzi ndi CRISPR, njira yodulira DNA, n'kuona ngati mtima wapindika molakwika. Ena amatenga maselo a magazi kapena a khungu la wodwala, kuwabweza kuti akhale ngati a mluza potsata njira imene Shinya Yamanaka anatulukira mu 2006, kenako n'kuwasandutsa maselo a mtima amene amayamba kugunda m'mbale pakatha sabata ndi masiku ochepa. Zimenezi mukaziphunzira pa masitazi kapena PhD, ku Cape Town, ku Stellenbosch, ku Wits kapena kutsidya kwa nyanja.

Mbali yachiwiri, yosamalira magazi ndi DNA, imachitika m'dziko muno tsiku ndi tsiku m'malo monga Malawi Liverpool Wellcome Programme pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, ngakhale kwambiri amafufuza malungo ndi tizilombo tina. Luso lake ndi lomwelo, ndiye musanyoze ntchito ya malungo poti mtima wanu uli pa za mtima. Magazi a DNA amatengedwa m'kachubu ka chivindikiro chapepo, ka EDTA. Ka chivindikiro chobiriwira kali ndi heparin, amene amalepheretsa PCR, njira yochulukitsira DNA, ndipo mudzataya sabata mukuimba mlandu makina. Mukatulutsa DNA, yezani kuyera kwake: nambala ya 260/280 ikhale pafupi ndi 1.8, ikatsika kwambiri ndiye kuti mwatsala mapuloteni kapena phenol. Igaweni m'timachubu tingapo musanaisunge pa madigiri -20 kapena -80, chifukwa kuisungunula n'kuiumitsanso kawirikawiri kumaiduladula. Firiji ikhale ndi jenereta kapena batire, ndi kabuku kolembamo kutentha kwake m'mawa ndi madzulo. Pa PCR mumatenthetsa pa 95, kutsitsa cha pa 55 mpaka 60, kukweza pa 72, maulendo 30 mpaka 35. Nthawi zonse muikepo kachubu kamodzi ka madzi okha. Kakaonetsa mzere pa gel, dziwani kuti DNA yachilendo yalowa m'zosakaniza zanu ndipo zotsatira zonse za tsikulo n'zotaya. Koma cholakwa chimene chimaononga kwambiri n'chapafupi: kusinthanitsa zilembo za timachubu tiwiri. Mwana wathanzi amauzidwa kuti ali ndi matenda, wodwala n'kuuzidwa kuti ali bwino.

Mbali yachitatu mungaiyambe mawa muli ku Chikanda komweko, bola laputopu ndi bandulo. DNA ya munthu ili ndi zilembo pafupifupi mabiliyoni atatu ndi ma gene pafupifupi 20,000, ndipo munthu aliyense amasiyana ndi mnzake m'malo mamiliyoni angapo. Makina amangolavula zilembozo m'mafayilo a FASTQ; pamafunika munthu woziyala pa DNA yoyerekezera ndi pulogalamu ngati BWA, kupeza zosiyana ndi GATK, n'kusefa fayilo ya VCF mpaka patsale zokayikitsa zochepa. Yambani ndi Linux, kenako R kapena Python, chimodzi chokha mpaka muchidziwe. Galaxy imakulolani kuyeserera zonsezi pa intaneti kwaulere, ndipo ClinVar ndi gnomAD, nkhokwe za kusintha kwa ma gene, ndi zotsegukira aliyense.

Apa m'pamene ife tikuona kuti Mmalawi ali ndi malo ake. Kusintha kwa gene kumaikidwa m'magulu asanu, kuyambira kosavulaza mpaka koyambitsa matenda, ndipo pakati pali gulu la zosadziwika tanthauzo, VUS. Njira imodzi yoweruzira ndi kuona ngati kusinthako n'kosowa mwa anthu athanzi. Tsono anthu ambiri amene DNA yawo inawerengedwa ndi ochokera ku Ulaya, pamene Afirika ndiye ali ndi kusiyanasiyana kwa DNA kochuluka kuposa kwina kulikonse. Kusintha kofala pakati pa Alomwe kapena Ayao kungaoneke kosowa kwa munthu amene sanayezepo Mlomwe. Izi zinachitikapo: mu 2016 zinadziwika kuti anthu akuda ena ku America anauzidwa molakwika kuti ali ndi gene ya matenda okulitsa mnofu wa mtima, chonsecho kunali kusintha kofala ndi kosavulaza. Ndipo mu 2020 ofufuza a H3Africa, mgwirizano wofufuza chibadwa cha anthu a mu Afirika, atawerenga DNA ya anthu 426 okha a mu Afirika anapeza zosiyana zoposa mamiliyoni atatu zimene zinali zisanalembedwepo. Wophunzira wodziwa kusefa mafayilo amenewa, n'kudziwanso anthu ake, magulu ofufuza amamufuna.

Polembera mkulu wa kafukufuku, musatumize kalata imodzimodzi kwa anthu makumi awiri. Werengani zimene iye anafalitsa, mutchule chimodzi, munene chimene mukudziwa kuchita ndi manja anu. Za sikolashipu, yang'anani za Commonwealth, Beit Trust ndi DAAD, ndipo muyambe chaka chathunthu nthawi isanakwane, poti makalata a umboni ndi thiransikiripiti zimachedwa.

FUNSO: Ndimaphunzitsa Biology pa sekondale yoyendera. Ndingawaonetse bwanji ana mtima ukupangika popanda zipangizo? Mphunzitsi wa ku Domasi.

YANKHO: Aphunzitsi, dzira la nkhuku likukwanirani. Pezani mazira a nkhuku zoyenda ndi tambala. A m'sitolo ambiri alibe mluza. Aikeni kwa nkhuku yofungatira kapena m'makina a kutentha kwa madigiri 38 kwa masiku atatu. Musanatsegule, gonekani dzira cham'mbali kwa kanthawi osalitembenuza kuti mluza uyandame pamwamba, ndipo mulembe chizindikiro pamwambapo. Boolani kumbali yobulungira ndi jakisoni, singano italoza pansi kuti isabaye chachikasu cha dzira, mukoke mamililita atatu a choyera. Matani selotepi pamwamba, dulani kawindo ka masentimita awiri ndi kasizasi. Mudzaona timitsempha tofiira tayala, ndipo pakati pake kadontho kakugunda. Galasi lokulitsira zinthu ndi tochi ya pafoni n'zokwanira. Ana awerenge kugunda kwa masekondi 15, achulukitse kanayi, abwerezenso dzira likamazizira. Adzaona liwiro likutsika. Dontho la madzi ofunda a mchere, magalamu 9 pa lita, limateteza kuti kasaume. Konzani mazira angapo poti ena sakhala ndi kanthu, ndipo auzeni ana poyamba kuti dzira lotsegulidwa silidzaswa mwanapiye. Onse asambe m'manja ndi sopo pomaliza.

FUNSO: Ndine clinical officer. Odwala amene mtima wawo umagunda modumphadumpha kuno ambiri ndi atsikana ndi amayi achichepere otupa miyendo. Kodi zimenezi n'za ma gene? Nanga ife opanda digiri ya sayansi tili ndi gawo? Wa zaumoyo wa ku Jali.

YANKHO: Adokotala, ambiri mwa amenewo ndi a rheumatic heart disease. Zimayamba ndi zilonda zapakhosi za bakiteriya wa streptococcus zimene sizinachizidwe ali ana. Chitetezo cha thupi chimaukira mavalavu, valavu ya mitral imaphinjika, chipinda cham'mwamba chakumanzere chimakula, kenako kagundidwe kamasokonekera, atrial fibrillation. Chowateteza ndi jakisoni wa benzathine penicillin masabata atatu kapena anayi alionse, ndipo wofufuza amene angathamangire ma gene n'kuiwala zimenezi wasochera. Komabe chibadwa chilimo. Ana ambiri amadwala pakhosi koma ochepa okha ndi amene mavalavu awo amaonongeka, ndipo limeneli ndi funso limene kafukufuku wa RHDGen, pansi pa H3Africa, anafufuza m'mayiko angapo a mu Afirika. Pa atrial fibrillation payokha, mu 2007 ofufuza a ku Iceland anapeza kuti malo a DNA oyandikana ndi gene ya PITX2 amakweza chiopsezo, ndipo PITX2 ndi imodzi mwa zimene zimauza mluza kumanzere ndi kumanja.

Gawo muli nalo, ndipo ndi lalikulu, chifukwa DNA ya munthu amene sanayezedwe bwino ilibe ntchito. Phunzirani kuyeza QT ndi manja. Onani kuti pepala likuyenda pa mamilimita 25 pa sekondi, pamene kabokosi kakang'ono ndi mamilisekondi 40. Pa lead II kapena V5, werengani kuyambira poyambira Q mpaka pothera T, osaphatikiza kafunde ka U kapadera. Gawani ndi square root ya nthawi ya pakati pa ma R awiri, m'masekondi. Mwachitsanzo QT ya timabokosi 10 ndi mamilisekondi 400; ma R akatalikirana timabokosi 16 ndi masekondi 0.64, square root yake 0.8, ndiye QT yokonzedwa ndi 500. Ikafika 480 kapena kuposa pa ma ECG obwereza, popanda mankhwala oitalikitsa, wodwalayo atumizidwe. Nambala imene makina amasindikiza pamwamba musaikhulupirire musanaiyeze nokha, ndipo kumbukirani kuti njira imeneyi imakokomeza mtima ukamathamanga, monga mwa mwana wotentha thupi. Mapepala a ECG amafufutika ndi dzuwa ndi kutentha, choncho ajambuleni chithunzi tsiku lomwelo.

Mukafuna kusandutsa kaundula wanu kukhala kafukufuku, chilolezo chimayamba, kusonkhanitsa kumatsatira. Makomiti ake ndi NHSRC ya ku unduna wa zaumoyo, ya ku KUHeS ndi UNIMAREC konkuno. Fomu yopempha chilolezo kwa wodwala ikhale m'Chichewa kapena m'Chiyao chomveka, inene kumene magazi akupita, adzasungidwa zaka zingati, ndiponso ngati banja lidzauzidwa zotsatira. Mukudziwa nokha mmene nkhani ya magazi imavutira m'midzi yathu. Kambiranani ndi mafumu ndi komiti ya pachipatala musanatulutse kachubu koyamba. Magazi otuluka m'dziko amafuna pangano lolembedwa, material transfer agreement, ndipo mayina a amene mwagwira ntchito akambidwe pachiyambi kuti adzaoneke pa zofalitsidwa.

FUNSO: Mwana wanga akuti akufuna ntchito yofufuza chibadwa cha mtima. Kodi adzadya? Bambo wa ku Thondwe.

YANKHO: Adzadya, bambo, koma konzekani kudikira. Kuchokera pa MSCE mpaka PhD ndi zaka zisanu ndi zitatu mpaka khumi, mwinanso kuposa, ngakhale kuti pa masitazi ndi PhD ambiri amaphunzira ndi sikolashipu yokhala ndi ndalama ya mwezi. Ntchito zambiri zofufuza ndi za kontirakiti ya zaka ziwiri kapena zitatu, yodalira thandizo la kunja, ndipo pulojekiti ikatha munthu amafunsiranso. Zokhazikika zili pa uphunzitsi wa pa yunivesite ndi m'malabotale a zipatala. Malo a chibadwa cha mtima chokhachokha m'dziko muno ndi ochepa kwambiri, ndiye mulangizeni agwire luso loyenda nalo: kuwerenga DNA pa kompyuta, masamu a kafukufuku, kapena uphungu wa za chibadwa umene amaphunzitsa ku Cape Town ndi ku Wits. Wodziwa zimenezi amalembedwanso ntchito pa za malungo, TB, sickle cell ngakhale mbewu za chimanga pamene akudikira mwayi wa za mtima.